Madzi akuda a mu ngalande akuthera m'dimba la mayi anga, tingawasefe bwanji asanafike kumtsinje?

NaMbewe wa pa Chitakale

Moni nonse a pagulu pano. Pepani ndilemba zambiri koma nkhaniyi yandikhala pamtima kuyambira tsiku lomwe kunagwa chizimalupsa. Ife timakhala chakumunsi kwa Chitakale, ndiye kumtunda kwathu kuli kamsewu kafumbi komwe kuli galaja, potsukira magalimoto ndi njinga za kabaza, ziwaya za chipisi ziwiri ndi timashopu. Madzi onse a pamenepo, a pamalata ndi a pamsewu omwe, amakumana mu ngalande imodzi yomwe imatsika m'mbali mwa mpanda wathu nkukathira mu kamtsinje komwe mayi anga ali ndi dimba la mpiru ndi tomato. Tsiku limenelo ndinaima pakhonde nkumayang'ana, abale madzi ake anali akuda bii ngati mwasungunuliramo makala, pamwamba pakuyandama zonyezimira ngati utawaleza, fungo la oyilo losakanikirana ndi la kuchimbudzi, majumbo, matewera a ana, makoko a nanazi, timabotolo, chilichonse. Patapita mphindi ngati 20 anayamba kusintha nkukhala ofiira mmene timawadziwira madzi a mvula kuno. Mmawa mwake mpiru wa mbali yomwe madziwo anasefukira unali utafota, dothi lake likuterera ngati mwapakapo girisi. Chakumunsi pang'ono azimayi amachapa pompo, ana amasamba pompo, ndipo mayi amathirira ndi madzi omwewo masamba amene timadya ndi kugulitsa.

Ndinapita kukalankhula ndi anthu akumtundawo mwaulemu, anandiyankha kuti madziwo sawaitana iwo, amangodutsa. Ine pulani yanga inali yogula simenti ndimange ngalande ya konkire kuti azidutsa mwachangu asamaime pakhomo, koma ndikaganiza bwino ndikuona kuti ndiye ndikuwathamangitsira kwa mayi anga omwe. Mwana wa achemwali anga akuti kuli njira yosefera madzi otere ndi udzu, mchenga ndi miyala basi popanda makina. Pakati pa mpanda ndi kamtsinjeko tili ndi kamalo kotalika mamita ngati 25, m'lifupi mamita 4, kotsetsereka pang'ono, sitilimapo kanthu. Nde funso langa ndi loti zoonadi udzu ungachotse oyilo m'madzi? Ndiyambire pati, ndipo sindiweta udzudzu pakhomo? Ndalama ndili nazo zochepa koma manja alipo.

Mnyamata wa zomanga, Luchenza

Amayi, mwachita bwino kuima kaye pa nkhani ya simentiyo. Konkire imachotsa madzi pakhomo panu koma siyichotsa kanthu m'madzimo, imangowapatsa liwiro. Zomwe akunena mwana wanuyo ndi zoona, ku Britain amazitchula kuti SuDS, ife tinaphunzirako kusukulu, ndipo mfundo yake ndi yoti madzi a mvula muwachedwetse, muwamwaze, adutse mu udzu ndi mu dothi asanafike kumtsinje.

Choyamba zimene munaona zija, madzi kuda mphindi zoyamba kenako nkusintha. Kuyambira Meyi mpakana Okutobala pamsewu pamakhala pakuunjikana oyilo, fumbi la matayala ndi la mabuleki, zotaya za pachiwaya, ndowe, ndipo chiperoni sichikhala ndi mphamvu yokokolola zimenezo chimangonyowetsa. Mvula yoyamba yamphamvu ndi imene imasesa zonse kamodzi. Ndiye simukuyenera kulimbana ndi madzi onse a dzinja lonse ayi, limbanani ndi oyamba aja a mvula iliyonse, pamenepo ndi pomwe pali uve wambiri.

Chachiwiri uvewo si wamtundu umodzi nde sungagwidwe ndi chinthu chimodzi. Zili ngati chimanga, mumakonola, kupeta, kenako kusefa, simungayambe ndi sefa. Majumbo ndi matewera amagwidwa ndi waya. Matope amakhala pansi madzi akadekha. Oyilo amayandama. Zosungunuka ngati feteleza ndi sopo zimafuna mizu ndi dothi. Ndipo chinsinsi chachikulu chili pa matope, chifukwa tizitsulo ta poizoni monga zinki wochoka ku matayala ndi malata, kopa wa ku mabuleki, mtovu wa mabatire akale, zambiri zimamatirira ku tinthu ta dothi timene timadetsa madzi tija. Mukagwira matope mwagwira gawo lalikulu la poizoniyo.

Pa kamalo kanuko ine ndingachite chonchi. Pomwe ngalande ikulowera pamalo panu ikani zitsulo zoimika kapena waya wokhuthala wa mipata yoti zala ziwiri nkulowa, mopendeketsa kuti zinyalala zizikwera pamwamba osati kutseka njira. Kuseri kwake kumbani dzenje lokhazikitsira matope, mita imodzi ndi theka mbali zonse, kuya kwake kosapitirira theka la mita chifukwa cha ana, pansi ndi m'mbali muyale njerwa kapena miyala kuti pochotsa matope ndi fosholo muzidziwa polekezera. Simenti yanu ija ngati mukufuna kuigwiritsa ntchito, malo ake ndi amenewa. Kuchoka apo madzi alowe mu ngalande yotakata koma yosazama, mamita 2 m'lifupi, kuya masentimita 20 kapena 30, pansi pake pafulati osati ngati V, m'mbali motsetsereka pang'onopang'ono, yonse yodzala udzu. Poti malowo ndi otsetsereka, pa mamita 5 aliwonse muike kamzere ka miyala kopingasa kuti madzi aziima pang'ono nkumadumpha ngati masitepe. Kumapeto kwenikweni, musanafike m'mphepete mwa mtsinje, mupange kabeseni komwe mwachotsamo dothi kuya theka la mita nkubwezeramo mchenga wa kumtsinje wambiri wosakaniza ndi dothi lapamwamba pang'ono, pansi pake miyala ya kwale. Manyowa musachulutse, akachuluka nawonso amatulutsa mchere wake m'madzi nde mwabwerera pomwe munayambira.

Za oyilo mwafunsazo, udzu pawokha sumwa oyilo ayi. Umamugwira, amamatirira ku masamba ndi dothi lapamwamba, kenako tizilombo tosaoneka ndi maso ta mu dothi timamudya pang'onopang'ono bola pakhale mpweya, dothi lizinyowa ndi kuuma. Koma izi zimatheka ndi oyilo wochepa wodontha pamsewu. Wina akakhuthula chigubu chonse cha oyilo wakuda mu ngalande udzu wanu upsa, palibe dothi lingathe zimenezo.

Masamu ake ndi osavuta. Milimita imodzi ya mvula pa sikweya mita imodzi ndi lita imodzi. Tiyerekeze kuti malata ndi msewu wakumtundawo zikukwana masikweya mita 1,000, mamilimita 10 oyamba ndi malita 10,000, migolo 50 ya malita 200. Ngalande ya mamita 25 kutalika, 2 m'lifupi, madzi akuya masentimita 20, imasunga pafupifupi omwewo. Ndiye malo anuwo si ochepa ngati mmene mukuganizira. Koma pitani mukayende kumtundako muone kukula kwake, ngati ndi kwakukulu kuposa apa mudzafunika anzanu akumtunda agwireko ena.

Musanakumbe chilichonse yesani dothi. Kumbani kadzenje masentimita 30 mbali zonse, dzazani madzi, akaphwa dzazaninso. Achiwiriwo akaphwa tsiku lisanathe dothi lanu ndi labwino. Akakhalabe mpaka masiku awiri ndiye pansi pa mchenga paja muyale paipi yoboola mabowo mkati mwa kwale kuti madzi osefedwa azitulukira kumunsi.

Mlangizi wopuma, Thyolo

Mwana wanga NaMbewe, zimene wafotokoza mnyamatayu ndi zomwe takhala tikuphunzitsa alimi m'minda zaka zonsezi, kungoti ku tauni anthu amaona ngati udzu ndi uve, chitukuko ndi simenti. Maswelo, ngalande zogwira madzi a mvula zija, amene anthu amakumba pa ntchito za mthandizi m'mapiri muno, timizere ta miyala m'zigwembe, vetiva pa akalozera, nzeru yake ndi imodzimodzi, madzi othamanga ayende, oyenda aime, oima alowe pansi.

Ine ndiwonjezere za udzu poti ndi kumene ndakalambira. Pa timizere ta miyala topingasa tija, kumunsi kwake dzala vetiva mzere wathunthu, mapesi motalikirana masentimita 10 mpaka 15, osati patalipatali ngati ukudzala chimanga ayi, chifukwa akasiya mipata madzi amasonkhana pa mpatapo nkukumba. Akagwirana amakhala ngati chipeso, matope amatsalira kumtunda kwake madzi nkudutsa. Mizu yake imapita pansi molunjika mpaka mamita 2 kapena 3, siyilanda malo m'mbali, ndipo amapirira kumizidwa ndi madzi, amapirira chilimwe, amapiriranso dothi loipa lomwe udzu wina umafa. Mbewu yake sugula, pempha kwa alimi amene ali naye m'minda kapena funsa alangizi a dera lako, umangogawa phata, kudula masamba kusiya ngati chikhatho chimodzi ndi theka, kudzala. Pansi pa ngalandeyo dzala kapinga kuti dothi lisaonekere. Nsenjere ndi wabwino m'mphepete mwa mtsinje kugwira gombe, koma usamuike pakati pa ngalande amatseka njira, komanso anthu adzayamba kumweta kukapatsa ng'ombe za mkaka pomwe wamwa madzi a ku galaja. Vetiva ukamudula wa pamenepo ufolerere khola kapena kachisakasa, usadyetse ziweto.

Koma nthawi yakuthera pang'ono. Udzu umafuna miyezi iwiri itatu kuti ugwire, ukangodzala lero mawa nkubwera chimvula cha Januwale chidzazula zonse. Chaka chino yamba ndi waya, dzenje la matope ndi miyala, vetiva udzale ndithu koma umutchinjirize ndi miyala kumtunda kwake, kapinga umuike ndi dothi lake lomwe ngati zigamba nkukhomerera ndi timitengo. Dothi lathu lofiira la katondo kuno limamwa madzi bwino likakhala losapondedwa, koma pomwe anthu akhala akudutsa limauma gwa ngati njerwa, ndiye ulitipule kaye ndi khasu.

Chimene chimandiwawa ine ndi madambo. Kale madzi ochoka kumtunda asanalowe mu mtsinje ankadutsa mu bango ndi udzu wa m'dambo, ankatuluka oyera. Lero tinalima mpaka m'madzi, kwina tinaumba njerwa, kwina tinamanga. Amayi akowo uwapemphe asiye kamzere m'mphepete mwa kamtsinjeko osalima, olo mamita ochepa, pamere bango. Adzaona ngati ataya malo koma gombe lawo lidzasiya kugumuka.

Bambo a Tadala

Ine ndisabise, nkhani yosunga madzi pafupi ndi nyumba imandiopsa. Ife a m'munsi mwa phiri tinaona ndi maso mu Malichi 2023 nthawi ya namondwe wa Freddy, madzi akubwera ndi miyala yaikulu ngati nyumba, anthu tinawaika m'manda ena sitinawapeze mpaka lero. Chaka cha 2022 namondwe wa Ana anali atatipweteka kale. Ndiye wina akamati madzi achedwetseni alowe pansi, ine mtima umagunda chifukwa nthaka ija inagumuka itakhuta madzi. Mvula ya ku Mulanje si ya ku Britain abale, kuno ikhoza kugwa masiku atatu osalekeza, timiyala ta mamita 5 aliwonse tidzapezeka tili mu Ruo. Komanso udzudzu, amayiwa afunsa koma sizinayankhidwe, malungo kuno ndi osasowa kale ndiye tiwonjezere zithaphwi pakhomo? Ine ndikanakonda ngalande yakuya ya konkire madzi azipita kwawo, za uvezo akuluakulu akalankhule ndi a galajawo. Sindikutsutsa kuti mtsinje ukuipa, ukuipadi, ana anga omwe amasamba m'mitsinje yomweyi, koma moyo wa anthu m'nyumba uyambe.

Mnyamata wa zomanga, Luchenza

Bambo a Tadala pepani kwambiri ndi zomwe munadutsamo, ndipo mantha anuwo ali ndi malo ake. Pamalo otsetsereka kwambiri, m'mbali mwa phiri, kapena pamwamba pa gombe lomwe pansi pake pali nyumba, musalowetse madzi pansi dala, pamenepo mukunena zoona nthaka ikakhuta imatha kutsetsereka. Komanso dzenje lililonse lomwetsa madzi likhale mamita osachepera 5 kuchoka pa maziko a nyumba, makamaka nyumba zathu zomangira dothi zija. Malo a amayiwa ndi a kumunsi kotsetsereka pang'ono ndipo madziwo akudutsapo kale, sitikuwaitana.

Zinthuzi sizimangidwa kuti ziimitse Freddy, palibe ngalande ya konkire inamuimitsa. Ntchito yake ndi mvula za masiku onse zomwe ndi zambiri pachaka. Nchifukwa chake ndinayenera kunena poyamba paja kuti pakhale potulukira madzi akachuluka, pa kabeseni kakumapeto musiye mbali imodzi yotsikirapo yoyalidwa miyala ikuluikulu yoloza kumtsinje, osati kunyumba kapena kwa aneba. Chimvula chikabwera madzi adutse pamwamba azipita, mukatha mukonze zomwe zaonongeka.

Za udzudzu, kuchoka pa dzira kufika pouluka umafuna madzi oima kwa sabata kapena kuposerapo. Ngalande ya udzu yokonzedwa bwino imaphwa pasanathe masiku awiri. Dzenje la matope lija mulisiyire kabowo pansi kotulutsa madzi pang'onopang'ono. Mukayang'ana bwino udzudzu wambiri m'matauni mwathu umaswana mu ngalande za konkire zomwe zatsekeka ndi majumbo, madzi nkukhala mwezi wathunthu. Ku Kampala dambo la Nakivubo lakhala likusefa madzi a mu mzinda asanalowe mu nyanja ya Victoria, ndipo pomwe anthu alilowerera ndi minda ndi nyumba mphamvu yake yosefa yachepa, zomwe akunena a Mlangizi zija.

Makaniko wa pa Bvumbwe

Mayi ine ndine wa ntchito yomweyo ndiye ndiyankhule chilungamo, si galaja yanga yomwe mukunenayo koma zomwe timachita ndi zofanana. Oyilo wakuda wa mu injini ambiri sititaya chifukwa ndi ndalama, amagula anthu opaka matabwa ndi mapolo kuopa chiswe. Amene amathera mu ngalande ndi wodontha pansi pomasula, wotsuka ma sipeya ndi petulo kapena dizilo mu beseni kenako nkukhuthulira panja, ndi anyamata a kabaza amene amasintha oyilo pambali pa msewu pa dothi penipeni poti njinga imalowa lita imodzi yokha amaona ngati ndi zochepa, koma njinga zake ndi zingati patsiku. Madzi a mu batire nawonso amangokhuthulidwa pansi.

Ine ndinasintha mwana wanga atatuluka zilonda m'miyendo posewera m'matope kuseri kwa galaja. Ndinadula mgolo pakati kupanga mathireyi awiri oika pansi pa galimoto, pansi pogwirira ntchito ndinathira simenti nkuikapo denga la malata akale kuti mvula isamatsukepo, oyilo akatayika timathirapo utuchi nkusesa. Potsukira ndinamanga timaenje titatu totsatizana ta njerwa, paipi yochoka mu lina kupita mu linzake ili ndi kachigongono koloza pansi, nde imatenga madzi a pakati, oyilo amatsala akuyandama pamwamba matope pansi, Loweruka lililonse timawawula ndi chitini. Sizinandidyere ndalama zambiri, matumba a simenti ochepa ndi njerwa zotsala. Chimodzi chomwe ndinaona, sopo akachuluka oyilo amasakanikirana ndi madzi nkukhala ngati mkaka, sayandamanso, amadutsa timaenje tonse. Ndiye madzi a sopo otsukira bodi ndi madzi otsukira injini asamakumane.

Langizo langa musapite nokha kukawauza kuti mukuononga, adzakuyankhani zomwe anakuyankhanizo. Pitani ndi a mfumu kapena a komiti ya pamsika, ndipo mupite ndi njira m'manja, muwauze kuti thireyi ndi theka la mgolo basi. A chipisi aja mafuta otsala ndi madzi otsukira chiwaya akumbire kadzenje kawo. Akakanitsitsa ndiye nkhani ipite kwa a zachilengedwe ku khonsolo, lamulo la zachilengedwe la 2017 lilipo ndipo ndi lomwe linakhazikitsa bungwe loteteza zachilengedwe la MEPA. Ngati mukufuna ndikhoza kubwera tsiku lina Lamulungu kudzawaonetsa amisiri anzangawo kamangidwe kake, timamvana tokhatokha.

Mayi a zaumoyo, Chonde

Achemwali, ine mbali yanga ndi fungo la kuchimbudzi mwatchulalo, limenelo lisakudutseni. Ndiye kuti penapake kumtundako pali chimbudzi chomwe chimasefukira mvula ikagwa, kapena anthu amadzithandiza kuseri kwa mashopu, kuphatikizapo matewera aja. Kolera ya 2022 mpaka 2023 inatenga anthu opitirira 1,700 m'dziko muno ndipo ife tinaigwira ndi manja, njira yake ndi yomweyi, chimbudzi kulowa m'madzi, madzi kulowa m'kamwa. Ngalande ya udzu ndi mchenga imachepetsa tizilombo, dzuwa limapha tina dothi limagwira tina, koma madzi otuluka pamenepo si akumwa olo aoneke oyera bwanji. Akumwa atungidwe pa mjigo kapena pampopi, muthire klorini kapena muwiritse. Masamba a m'dimbamo atsukidwe ndi madzi abwino ndipo aphikidwe, tomato wodya wosaphika ndi amene amandidetsa nkhawa kwambiri.

China chomwe sichinatchulidwe, muyang'ane ngati pafupi ndi pomwe mukufuna kumwetsa madzi pansipo pali chitsime. Ife timati chimbudzi chitalikirane ndi chitsime mamita 30, ndipo madzi ochoka ku galaja ndi kumsika ndingawaone chimodzimodzi. Malo a m'mphepete mwa mtsinje madzi a pansi amakhala pafupi, mukakumba nthawi ya dzinja nkupeza madzi musanafike mita imodzi pansi pa kabeseniko ndiye musakumbe mozama, uve udzangolowa m'madzi a pansi osasefedwa. Bola ngalande yosazama ya udzu yokhayo.

Ndipo matope amene muzichotsa mu dzenje lija, ndikudziwa mayi akadzawaona akuda bwino adzafuna kuthira m'dimba ngati manyowa, chonde ayi. Muli mtovu ndi oyilo mmenemo, ndipo mtovu umaononga ubongo wa ana mwakachetechete. Akwirireni pamalo okwera pomwe simulima zakudya, kutali ndi chitsime. Wochotsa avale magolovesi ndi majombo, m'matopemo mumakhala magalasi osweka ngakhale majakisoni. Mu ngalandemo musadzalemo chinangwa, mbatata kapena masamba, ndaonapo anthu akudzala nthochi ndi zigumbwa mu ngalande zotere poti pamakhala chinyezi.

Majumbo aja boma linaletsa opyapyala osakwana ma micron 60 kuyambira 2015, nkhani yake inazungulira zaka zambiri m'makhoti, ndiye pawaya wanuyo muzikawapeza ndithu. Mvula iliyonse ikatha wina apite akachotse, mukangodumphitsa kawiri madzi adzapatuka nkulowa pakhomo.

NaMbewe wa pa Chitakale

Zikomo kwambiri nonse, ndawerenga kawiri kawiri mpaka ndalemba zina mu kope. Dzulo madzulo tinakumba kadzenje koyesera kaja ndi mwana wa achemwali, madzi oyamba anaphwa msanga, achiwiri tinathira cha m'ma 5 koloko, mmawa uno 6 koloko ndapeza mwatsala matope okha, ndiye ndikuona ngati dothi lilibe vuto. Ndayezanso ndi tepi, kuchoka pa nyumba kufika pomwe padzakhale dzenje la matope ndi mamita 9. Chitsime chilipo cha aneba koma chili kumtunda kwa malowo, ndikayeza mawa kuti ndidziwe mtunda wake weniweni, Mayi a zaumoyo ndidzakuuzani.

Bambo a Tadala mawu anu ndawasunga, potulukira madzi ochuluka tiyamba ndi pamenepo tisanakumbe china chilichonse, ndipo tiloza kumtsinje.

Mayi anga za kusiya kamzere kosalima sanayankhe, angoti tiona, koma za matope amva ndipo adabwa chifukwa chaka chatha anawolera ena a mu ngalandemo nkuthira pa bedi la tomato. Bedi limenelo tagwirizana kuti chaka chino lisadzalidwe.

A Mlangizi, vetiva ndamupeza kwa amalume ku Nkando akuti ndikakumbe ndekha Lachisanu. Achimwene a ku Bvumbwe, a mfumu ndawaonera kale avomera kuti tikhale pansi ndi anthu akumtundawo Lamulungu likubwerali ikatha tchalitchi, cha m'ma 2 koloko, thiransipoti yanu ndilipira ine. Mubwere ndi kachigongono ka paipi kaja kuti adzaone ndi maso, theka la mgolo ndipezeratu kuno.